Thumba limene ndinabisa m'munda wa nandolo

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo, makamaka inu amayi anzanga amene panopa mukuyenda mutagwira m'chiuno. Ine ndine Esinati, kwathu ndi ku Likoswe kuno ku Chiradzulu. Ndikulemba izi mwana ali kumsana akundikoka duku, ndiye mawu ena akakhota mundikhululukire. Ndikufuna kuchitira umboni za tsiku limene matenda a uchembere anandiyambira m'munda wa nandolo, ndili ndekha, mtima ukundiuza kuti mwana wachiwiriyu apitanso mmene anapitira woyamba.

Ndiyambe ndi woyambayo, chifukwa mantha onse anachokera pamenepo. Matenda anandiyamba m'mawa, koma amayi anga anati tidikire kaye zikhwime, poti mwana woyamba sabwera chothamanga. Tinanyamuka dzuwa litapendeka, wapansi, ndipo mwana anabadwira panjira. Sanalire. Anakamuika amayi akuluakulu okhaokha, popanda nyimbo, popanda wolira mokweza, monga zimakhalira ndi mwana amene sanapumeko mpweya wa dziko lino. Ine ndinabwerera kunyumba ndi beseni ndi zitenje zatsopano zimene sizinafunde munthu.

Kwathu kuno imfa siibwera yokha, pamafunika munthu woiloza. Tsiku la ulendo lija potuluka m'mudzi tinakumana ndi Abiti Juma, mayi wachikulire amene munda wake unagundana ndi wathu. Iwo ndi Asilamu, ife ndife a Babatisti, koma vuto silinali pamenepo. Vuto linali malire. Amayi anga ndi Abiti Juma anakanganapo kalekale chifukwa cha mzere umodzi wa chinangwa, ndipo kuyambira apo moni wawo unali wa pakhosi basi. Ndiye atationa ndi beseni pamutu anaima n'kufunsa kuti, "Kodi ndi ulendo wa kuchipatala uwu?" Amayi anangowayang'ana n'kupitirira. Koma mwana atapita, funso lija linasanduka mlandu. Amayi ankanena tsiku ndi tsiku kuti mayi uja ndi amene anamanga mimba yanga, chifukwa munthu wabwinobwino safunsa wapakati kumene akupita.

Ine sindinkadziwa choti ndikhulupirire. Lamulungu ndinkaimba ndi anzanga kuti Mulungu ndi wamkulu, koma ndikaona duku loyera la Abiti Juma patsidya pa malire, ndinkatembenukira kwina.

Nditaimanso, amayi anandipatsa malamulo awiri. Loyamba linali lakuti ndisagone masana kapena kusiya khasu, chifukwa mayi waulesi amabereka mwana waulesi amene amakana kutuluka. Lachiwiri linali lakuti matenda akadzayamba ndisadzauze munthu, ngakhale nkhuku ya pakhomo isadzadziwe. Ku sikelo ku Njuli anamwino ankanena zosiyana. Ankati mwezi womaliza ukakwana ndipite ndikakhale kuchidikiro, malo amene amayi amayembekezera tsiku lawo pafupi ndi chipatala, makamaka ine amene zinandivutapo kale. Ndinkavomera ndi mutu mwaulemu, koma ndikatuluka pageti mawu aja ankatsala konko.

Komanso nditapita kuchidikiro, nandolo ndikanasiyira ndani? Amuna anga, a Wailesi, amagwira ntchito yomanga nyumba ku Limbe ndipo amabwera Loweruka lokha. Amayi mawondo anawatha, kufika kumunda ndi ulendo wopumira pamtengo uliwonse. Nandolo anali atauma, makoko ayamba kuthetheka okha dzuwa likakula, anthu atamasula kale mbuzi zawo. Inu a ku Chiradzulu mukudziwa kuti nandolo ndiye ndiwo zathu, sopo wathu ndi feteleza wa chaka chamawa. Ndiye ndinkadzuka m'mamawa ndi chimimba changa, kutsika kukhwawa, kukwera chitunda, n'kuyamba kuthyola. Powerama ndinkachita kutangadza miyendo kuti mimba ipeze podutsa. Anzanga ankandiseka kuti mwana ameneyu adzabadwa atagwira dengu.

Nkhani ya katundu wa kuchipatala ndiyo inatipatsa maganizo. Beseni limaulula. Mayi wa mimba yotopa akasenza beseni ndi zitenje, mudzi wonse wadziwa. Ndiye ine ndi amayi tinapangana nzeru imene tinkaiona ngati yakuya kwambiri. Tinaika zonse m'thumba la feteleza lochapa bwino, beseni laling'ono, zitenje, pepala lakuda loyala, lezala ndi ulusi, ndipo ndinakalibisa kumunda pansi pa mulu wa mapesi. Tinati tsiku likadzafika ndidzatuluka ndi dengu ngati ndikupita kukathyola nandolo, amayi adzanditsatira podzera njira ina, kenako tidzatengere thumba kumunda n'kulowera ku Njuli popanda wotiona. Muluwo unali pambali pa chulu. Ndabadwira m'mudzi, ndakulira m'mudzi, koma sizinandibwerere m'mutu kuti m'chulu mumakhala chiswe.

Masiku amenewo panali chinthu china chimene chinkandisowetsa mtendere. Abiti Juma anali atamaliza kale kukolola nandolo wawo, koma m'mawa uliwonse ankabwerabe kumunda ndi dengu lalikulu lovindikira ndi chiguduli. Ankalitula pansi pa mtengo wa mango, n'kumapalapala pamalo popanda udzu. Ndikaweramuka ndinkapeza maso awo ali pa ine. Nditawauza amayi, anamenya m'manja n'kunena kuti, "Ndinanena ine! Akukuwerengera masiku ameneuja. Usawayankhe, ndipo pamene pali thumba usayandikirepo iwo akuona." Choncho sindinapitenso pamulu paja kukaona ngati katundu wanga ali bwino.

Tsikulo linayamba ngati masiku onse. Ndinadzuka msana ukuwawa cha m'munsi, koma msana unali ukundiwawa mwezi wonse, ndiye ndinati ndi kuwerama kwa dzulo. Pa mwana woyamba ululu unayambira kutsogolo, m'mimba, ndipo ine ndinkadikira womwewo. Sindinkadziwa kuti matenda amatha kulowera khomo lakuseri. Foni tili nayo imodzi, ndinawasiyira amayi, ndinanyamula dengu n'kumapita.

Ndinathyola mizere ingapo. Msana unkagwira, n'kusiya, n'kugwiranso. Ukagwira ndinkatsamira mtengo wa nandolo mpaka upite, ndikudziuza kuti ndimalize mbali iyi yokha. Dzuwa litafika pamutu ululu unazungulira kuchokera kumsana kubwera kutsogolo ngati lamba amene wina akumukoka, ndipo ndinangomva madzi ofunda akutsika m'miyendo. Apo ndiye ndinadziwa. Ndinayang'ana kumudzi, kutsidya kwa khwawa, n'kuona kuti chitunda chija sindingachikwere. Ndinayang'ana kumunda wa Abiti Juma, sindinaone munthu, ndipo mu uchitsiru wanga ndinathokoza.

Ndinayenda chogwira mitengo mpaka pamulu wa mapesi. Ndinkaganiza kuti bola nditenge thumba, ndiyale pepala, zikavuta mwana asagwere padothi. Ndinakankha mapesi. Panalibe kanthu. Ndinafukula ndi manja mbali zonse, mapesi akungofumbutuka, dothi lofiira likundilowa m'zikhadabo, koma thumba panalibe.

Abale, mantha a tsiku limenelo sindingathe kuwalemba bwino. Sindinaganize za wakuba wamba. Ndinaganiza kuti zitenje zimene ndinakonzera mwana wanga zili m'manja mwa munthu amene anandimangira woyamba, ndipo wazimanga kale mfundo. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinaona amayi akuluakulu aja akutulukanso m'mudzi mwakachetechete ndi kakhasu, ndinaona nkhope ya amuna anga Loweruka likubweralo. Mwana ankasuntha m'kati, wamoyo, ndipo zimenezo n'zimene zinandiliza kwambiri, chifukwa woyamba uja nayenso ankasuntha mpaka panjira.

Pemphero langa silinali lokongola ngati la m'kachisi. Ndinangoti, "Atate, uyu yekha musanditengere. Ndabisala kwa anthu onse, tsopano palibe akudziwa kumene ndili. Inu nokha mukundiona. Nditumizireni munthu, aliyense amene mungamupeze." Ndinanena kuti aliyense, koma mumtima ndinali ndi anthu anga amene ndinkayembekezera, mwina mayi wa kumpingo wodutsa ndi nkhuni. Mulungu anangomva mawu akuti aliyense.

Ndinamva nandolo akuphwanyika kumbuyo kwanga. Potembenuka, duku loyera lija.

"Iwe mwanawe, wadwala," anatero Abiti Juma.

"Iyayi amayi, ndi msana chabe. Ndikupumako."

"Msana umatsitsa madzi? Usandipusitse ine, ndabereka asanu ndi awiri. Ukabisa matenda adzakuulula ndi maliro. Tayang'ana kuno."

Anatula dengu lawo lija patsogolo panga n'kuchotsa chiguduli. Munali beseni langa. Zitenje zanga zinali zochapa, zopinda bwino, zikununkhira sopo, chimodzi chili ndi chigamba chosokedwa ndi ulusi wakuda. Pepala, lezala, ulusi, zonse zinalimo.

"Unaika pachulu, ngati mwana wa m'tauni," anatero uku akundidzutsa. "Ndinapeza chiswe chadya thumba chayamba nsalu. Ndikanabwera nazo kwanu amayi ako akanazitentha, ndiye ndimangoyenda nazo. Iwe umayesa ndimadzalima chiyani m'munda wopanda kanthu?"

Tsiku lokhalo ndi limene anachedwa, chifukwa anali kokapepesa maliro ku Nchema, ndipo akuti ali komweko mtima unkangowagunda mpaka anatsanzika mwambo usanathe. Anamasula foni pamfundo ya chitenje n'kuimbira mlamu wawo wa kabaza wa njinga yamoto. Analankhula Chiyao chothamanga, ine ndinangotolapo dzina la Njuli. Kenako anandikoleka dzanja paphewa pawo n'kumandikoka kupita kumsewu wa ngolo umene umadutsa kumtunda kwa minda. Tinadutsa pamalire pomwe paja, pamzere wa chinangwa umene unadanitsa mabanja athu, ndipo ndikukumbuka kuti ndinathyolapo mtengo umodzi pougwira ululu utabwera. Iwo anangoti, "Thyola, thyola yonse, kwende, tiye!"

Ndisaname kuti mantha anathera pomwepo. Mbali ina ya mutu wanga inkanenabe mawu a amayi. Koma ululu ukagwira, dzanja limene linkandisisita msana linali lawo, ndipo linkadziwa malo ake enieni. Tikudikira njinga pamthunzi anandiuza kuti mwa ana awo asanu ndi awiri aja, awiri anawataya pobereka, mmodzi m'munda momwemo. Anatinso tsiku lija anatifunsa za kuchipatala ankafuna kutiitanira mlamu wawo yemweyu kuti tisayende wapansi. "Koma amayi ako anandiyang'ana ngati galu wolowa m'khitchini, ndiye ndinangomeza mawu anga," anatero. Ndinalira, ndipo kulira kumeneko sikunali kwa ululu wokha.

Njinga inafika. Tinakwera atatu, mlamu wawo kutsogolo, ine pakati chammbali, Abiti Juma kumbuyo atandikumbatira ndi dzanja limodzi, linalo atagwira beseni. Chinsinsi chimene tinachisunga miyezi yonse ija chinadutsa pamsika wa Njuli masanasana, hutala ikulira, beseni lili m'mwamba, mayi wachikulire akukuwira anthu kuti apatuke. Panjira ponse iwo ankapemphera m'chinenero chawo cha kumzikiti, ine ndikuitana Yesu, ndipo wa kabaza ankangoti ameni kwa tonse awiri.

Anamwino atangondiona sanafunse zambiri. Anandigoneka, ndipo sipanapite nthawi mwana anabadwa, wamkazi. Koma m'chipindamo munali zii. Ndinadzutsa mutu n'kumuona ali lobodo, wotuwa, mchombo utamuzenga m'khosi. Chete ameneyo ndinkamudziwa, ndinamumvapo panjira paja. Anamwino anamasula mchombo mwachangu, anathamanga naye pakatebulo, anamupukuta mwamphamvu, kenako anamuvindikira kachipangizo kopopera mpweya pamphuno ndi pakamwa n'kumafinya. Ine ndinatseka maso. Ndinalibenso mawu opempherera, ndinkangoti Atate, Atate.

Ndiye ndinamva kakutsokomola, ngati kamwana ka mphaka. Kenako kulira. Analira mokwiya, mokweza, ngati akutikalipira tonse chifukwa chomuchedwetsa. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo, ngakhale pa msonkhano waukulu wa amayi. Thupi langa lonse linamasuka, ndinaseka ndikulira, ndipo panja ndinamva nthungululu ya munthu mmodzi. Anali Abiti Juma.

Anamwino atamuika pachifuwa panga, atamukulunga m'chitenje cha chigamba chija, anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Anati mwana ameneyu akanabadwira kumunda kapena panjira sakanapuma, chifukwa ankafunika kuthandizidwa nthawi yomweyo. Anandikalipiranso pang'ono za kuchidikiro, ndipo ndinalandira ndi manja awiri, poti wakutsina khutu ndi mnansi.

Amayi anafika madzulo, atatengedwa ndi wa kabaza yemwe uja. Uthenga umene anawapatsa unali wakuti mwana wanu wachira, koma sanawauze amene anandiperekeza. Analowa akutsimphina, n'kupeza mdani wawo atakhala pamphasa pambali pa bedi langa, akundithirira tiyi m'kapu ya pulasitiki. Anaima pakhomo ngati aona njoka. Ndinawafotokozera zonse, za chiswe, za dengu la tsiku ndi tsiku, za funso la chaka chija. Ndinawaonetsa chigamba. Amayi anga ndi munthu amene sasowa chonena, amatha kukangana ndi wailesi ikulankhula, koma tsiku limenelo anangosisita chigambacho ndi chala. Anayang'ana mwana, anayang'ana Abiti Juma, kenako anatsika pang'onopang'ono ndi mawondo awo ovuta aja mpaka anagwada pasimenti.

"Tinenenji, achemwali?" anatero. "Ife tinenenji?"

Abiti Juma anawagwira dzanja n'kuwakhazika pamphasa. "Musanene kanthu. Dzina mwatchula kale ndi limenelo."

Ndiye mwana amene akundikoka dukuyu ndi Tinenenji. Bambo ake atafika kuchokera ku Limbe anali ndi dzina lawo la Chingerezi limene analisunga m'thumba, koma atamva nkhani yonse analibweza momwemo. Nandolo amene anatsala anakathyola amayi a kumpingo pamodzi ndi ana aakazi a Abiti Juma, ndipo amene anadyedwa ndi mbuzi sanatiphe ndi njala. Ndimaganiza nthawi zina kuti ndinatsala pang'ono kusinthanitsa mwana ndi madengu angapo a nandolo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiona pansi pa chulu pamene ndinabisala kwa anthu onse. Yankho la pemphero langa analikonza ndisanapemphere n'komwe, ankalisenzetsa mayi wachikulire pamutu m'mawa uliwonse, ine ndikulithawa. Ndikuthokoza anamwino a manja achangu aja, ndi bambo wa kabaza amene anakana ngakhale kuti timuthirire mafuta. Ndikuthokozanso amayi anga, chifukwa zonse ankachita zinali za chikondi ndi mantha, ndipo kugwada pamaso pa munthu amene unamunenera zoipa si chinthu chapafupi.

Kwa inu amayi anzanga oyembekezera, ndikudziwa kuti ntchito siidikira. Wina ali ndi munda, wina ali ndi benchi ya tomato, wina akuswa miyala, ndipo palibe wokugwirirani. Sindikunyozani, ndachokera komweko. Koma mwezi ukakwana pitani kuchidikiro, ndipo msana ukayamba kugwira n'kumasiya musati ndi khasu la dzulo. Uzani munthu. Inu amene munatayapo mwana ndipo usiku mumagona mutagwira mimba ndi mantha, limbani mtima, musaleke kupemphera. Mulungu sanakuiwaleni, kungoti mthenga wake mwina ndi munthu amene simumupatsa moni.

Chaka chino tikupalira, Tinenenji amagona pansi pa mango wa Abiti Juma, patsidya pa malire. Akalira, amene ali pafupi ndi amene amamunyamula. Dzulo ndinamva amayi akukuwa kuchokera kumunda wathu kuti, "Achemwali, mwanayo wadzuka kodi?" Ndipo a kutsidya anayankha kuti, "Limani inu, ali ndi anganga ake, agogo ake a kuno."

Ambuye alemekezeke. Ameni.